Dimba la mchere la alamu anga

Alamu anga a Flywell Makwinja anali munthu woti akatsimikiza kuchita chinthu, ngakhale muitane abusa ndi akulu a mpingo onse kuti adzawaletse, mungotaya malovu pachabe. Ine ndine Etta, mng'ono wa akazi awo a Anjimile. Ndinafika ku Barking, mu London, m'chaka cha 1977 kudzaphunzira unamwino, ndipo ndinakhala m'nyumba mwawo zaka khumi ndi chimodzi. Choncho zimene ndikunenazi si zongomva. Ndinaziona ndi maso angawa, ndipo penapake ndinaikapo dzanja langa lomwe, moti mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Kwathu alamu anali mlangizi wa zaulimi ku Thyolo. Ankayenda pa njinga yakapalasa mudzi ndi mudzi, kuuza anthu kapangidwe ka mizere ndi kasungidwe ka manyowa, ndipo amati ankatha kununkhiza dothi n'kukuuzani chimene likusowa. Anathawa mu 1965, nthawi ija munthu unkatha kusowa chifukwa cha mawu amodzi olankhula m'basi. Anadzera ku Lusaka, kenako n'kudzatera kuno, akazi awo n'kuwatsatira pambuyo. Ntchito anaipeza ku fakitale ya magalimoto ku Dagenham, yomangirira mipando m'galimoto kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nyumba anawapatsa a khansolo, fulati ya zipinda ziwiri pa nsanjika yachisanu ndi chinayi. Tangoganizani, munthu wa dothi n'kumuika m'mwamba ngati nkhunda.

Sanagonje msanga. Anadzala chimanga m'ndowa pakhonde, chinafika m'mawondo n'kuwauka ndi chisanu. Anayesa therere m'zitini za penti, linangotulutsa masamba awiri n'kusiyira pomwepo. Analembetsa kukhansolo kuti awapatse kamunda, dzina lawo linakalambira pamndandanda. Masiku amenewo alamu ankati akaweruka amangokhala pawindo, manja ali pamawondo. Ine ndinkawamvera chisoni ngakhale pakamwa ndinkawaseka, poti chilamu n'chotero.

Zinthu zinasintha Loweruka lina mu 1982. Achemwali anga anawatuma ku Romford kukagulira mwana wawo Louisa nsapato za kusukulu. Anachoka m'mawa, anabwera madzulo, nsapato palibe.

"Nanga nsapato zili kuti, bambo a Louisa?" achemwali anafunsa.

"Zimenezo tigula next week. Ine ndapeza dimba."

"Dimba ku Romford?"

"Dimba la m'madzi a mchere. Silidikira mvula, chisanu sichilifika, ndipo a khansolo alibe nalo ntchito."

Chinachitika n'chakuti anadutsa pa sitolo ina yogulitsa nsomba, osati zandiwo, koma zoweta m'nyumba, zongoyang'ana. Mwini wake anali mzungu wa ku Ireland dzina lake Killian, wamtali, wowerama msana chifukwa chonyamula ndowa zaka zambiri. Kumbuyo kwa sitoloyo kunali thanki yagalasi ya madzi a nyanja yamchere, ndipo alamu anaima pamenepo maola anayi. M'thankimo munali makorali, tinthu tamoyo tomera pamiyala, tina ngati bowa, tina ngati zala za mwana. Munalinso anemoni. Ameneyu ukamuona ungati ndi duwa, koma ndi nyama. Ali ndi phazi limodzi lomamatira pamwala, pakamwa pakatikati, ndi timanja tambirimbiri tongovina m'madzi. Alamu atamuona, mtima wawo unatsala pomwepo.

Vuto linali limodzi. Masewera amenewa ndi a anthu a magalimoto awiri, osati a munthu womangirira mipando m'magalimoto a eni. Koma alamu anati ayamba ndi chimene angathe. Thanki anaipeza yakale pa chilengezo cha m'nyuzipepala, kwa mayi wina wamasiye wa ku Woolwich, ndipo anakaitenga ndi a Paterson, mkulu wa mpingo wathu, amene anali ndi vani. Anawoloka nayo mtsinje pa feri, alamu atakhala kumbuyo ataikumbatira njira yonse. Miyendo yake anawawotcherera mnzawo wa kuntchito ndi zitsulo zotaya. Machubu a magetsi owunikira anawapempha pa butchala ina imene inkatsekedwa. Zatsopano zinali ziwiri zokha, kapampu kopopera mpweya ndi hita yotenthetsa madzi, chifukwa anati moyo wa dimba lonse uli pa ziwirizi.

Thankiyo inakhala pabalaza, pafupi ndi windo, pamalo pamene achemwali ankafuna kudzaikapo kabati ya mbale. Iwo ataona mtengo wa mchere wake anati, "Mchere ulipo m'khitchinimu, wina ndinagula ku market wambirimbiri." Alamu anawayang'ana ngati anena kuti tibatize mwana ndi thobwa. Kwa masabata asanu ndi limodzi m'thankimo munali madzi, mchenga ndi miyala basi, kapampu kakungolira usana ndi usiku. Alendo ankabwera, kusuzumira, n'kufunsa kuti nsomba zabisala kuti. Alamu ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, madzi ayambe akhwima.

Tsono kagulidwe kawo ndi kamene ndikufuna mumve, chifukwa ndinawaperekezapo kangapo tsiku langa lopuma likagwera Loweruka. Kutsogolo kwa sitolo ya Killian kunali mathanki owala, mitengo yake yoti ukaiwerenga umayamba wapukuta magalasi n'kuwerenganso. Kumbuyo, pansi pafupi ndi sinki, kunali kathanki kena kamdima kamene Killian ankaponyamo zofika zitavulala pa ndege: korali wong'ambika, wina wofota, mwala wotsala ndi tibowa titatu. Alamu ankakatcha chipatala. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ankalowa m'sitolomo n'kulunjika komweko, osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Ankanjuta, kuyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kupempha kuti awatulutsire chimodzi. Ankachinunkhiza. Chikanunkha ngati m'ngalande ankachibweza, poti chimenecho chapita kale, koma chikamveka fungo la madzi okhaokha ankadziwa kuti moyo ulimo. Killian akatchula mtengo, alamu ankagwira pakamwa ngati amva uthenga woipa, n'kutchula wawo.

Poyamba Killian ankakwiya. Anawauza kuti kuno ku England mtengo ndi umene walembedwa, anthu sanenerera. Alamu anavomera mwaulemu kuti n'zoona, kenako anatembenuza ndowa n'kukhalapo. Ankatha kukhala pandowapo mpaka nthawi yotseka, kucheza ndi makasitomala, kumunyamulira Killian madzi poti msana wake unali utatha. Pofika faifi koloko Killian ankangoti, "Tengani, tengani, ndikufuna ndikadye." Ndipo alamu, thumba lili kale m'manja, ankafunsabe basela. Ine apa ndinkasowa poyang'ana. Tsiku loyamba Killian anafunsa kuti basela n'chiyani, alamu n'kumufotokozera kuti kwathu wogulitsa waulemu salola kasitomala kuchoka popanda kakuwonjezera. Mzunguyo anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira pamenepo ankaponya kamwala kena m'thumbamo asanafunsidwe n'komwe.

Pobwerera, alamu ankaika thumba la madzilo m'kati mwa jekete, pamimba, kuti lisazizire. M'basi ankakhala chowongoka osalankhula, manja awiri atagwira pamimbapo. Tsiku lina mayi wina wachizungu anawafunsa ngati akumva kupweteka, n'kundiyang'ana ine moipa kuti bwanji sindikuwathandiza.

Odwala aja ankachira. Apa ndiyenera kuwapatsa alamu ulemu wawo, dzanja anali nalo. Korali wofika ali ngati kachikopa kouma, pakatha miyezi itatu ankatambasuka kukula ngati chikhatho. Tsiku lina ndinawapeza atatenga lezala, akudula nthuli ziwiri pa korali wawo wamkulu. Ndinati basi alamu apenga.

"Chinangwa timabzala bwanji, mlamu?" anandifunsa osatembenuka.

Anamangirira nthulizo pa timiyala ndi ulusi wa achemwali, ndipo patapita milungu zinagwira. Zikakula ankabwerera nazo kwa Killian kukasinthanitsa ndi mitundu imene analibe. Pofika 1984 dimba linali litadzaza, ndalama yotuluka m'thumba ili yochepa. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi anthu ankatsatira kunyumba kudzaona. A Wilbroad, mnzawo wa ku Zambia, ankaima manja ali m'chiuno n'kufunsa funso lomwelo sabata iliyonse: "Manje ba Makwinja, ivi vonse muzadya liti?" Ngakhale achemwali ankati akamasesa pabalaza amaima kaye pang'ono, tsache lili m'manja.

Koma mtima wa alamu unali pa anemoni, ndipo anemoni ndi amene anawaonetsa zakuda. Woyamba anamugula mu Novembala chaka chomwecho, tsiku limene Killian anali kwa dokotala ndi msana wake, m'sitolo muli mkazi wake amene sankadziwa zambiri. M'thanki munali anemoni awiri. Wina anali woyera mbee, wina woderapo ngati tiyi wothira mkaka wochepa. Woyerayo ndi amene analinso wotchipa. Alamu sanafunse kanthu.

"Ndani angasiye ufa woyera n'kutenga mgaiwa?" anatero atafika, akumwetulira ngati atola ndalama panjira.

Patatha masabata atatu anemoni uja anasungunuka. Fungo lake sindingalifotokoze, ine amene ndagwira ntchito m'mawodi zaka zonsezi. Tinatsegula mawindo onse mu Disembala, Louisa akudandaula m'Chingerezi kuti anzake asayerekeze kubwera. Alamu anati vuto ndi madzi. Anasintha madzi, anawonjezera chubu china, ndipo chaka chotsatira anakagula wina ku sitolo ina ya ku Edmonton. Ameneyu ndinawalozera ndine nditamuona popita kuntchito. Woyeranso, wotchipanso. Anakhala mwezi umodzi, ndipo pofa anatenga makorali anayi.

Apa m'pamene anapita kwa Killian mutu uli pansi n'kufotokoza zonse. Killian anagwira m'mutu. Anawauza kuti anemoni wathanzi amakhala woderapo, chifukwa m'thupi mwake mumakhala tizomera ting'onoting'ono timene timamudyetsa tikalandira kuwala. Akayera mbee ndiye kuti tizomerato tatha, mwini wake ali ndi njala, akungodikira tsiku. N'chifukwa chake amatchipa. Alamu anabwera kunyumba, anakhala pampando, kenako anayamba kuseka okha.

"Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkayenda m'midzi kuuza amayi kuti mgaiwa ndiye chakudya, ufa woyera ndi maonekedwe chabe," anatero. "Lero mzungu akundiphunzitsa ine zomwezo."

"Safunsa anadya phula, alamu," ndinatero ine, ngati kuti wachiwiri uja sindinawalozere ndine.

Achemwali sanaseke nawo. Iwo ndi munthu wofatsa, koma fungo lachiwiri lija linawakwana. Anati, "Bambo a Louisa, ine ndapirira. Mukabweretsa wachitatu n'kufa, thanki iyi ituluka m'nyumba muno." Alamu anaganiza pang'ono n'kuyankha kuti, "Ndamva. Akafa wachitatu, ndiitulutsa ndekha." Ndipo tonse tinkadziwa kuti alamu akanena mawu sabweza, ngakhale mawuwo awapweteke iwo eni.

Anadikira mpaka Epulo 1986. Wachitatuyu anamupeza m'chipatala muja, woderapo, wosaoneka bwino, wamng'ono ngati pansi pa kapu, phazi lake litang'ambika pang'ono pomuchotsa pamwala. Palibe ankamufuna. Killian anawachenjeza kuti mwina safika mwezi. Alamu anati aona okha, ndipo tsiku limenelo sananenerere, sanafunsenso basela. Anamuika pamwala wapamwamba pansi pa machubu, n'kumamudyetsa kachidutswa ka nsomba yaiwisi pa kamtengo, Lachitatu akaweruka ndi Lamlungu akabwera ku tchalitchi. Phazi linapola. Pofika Khirisimasi anali atakula ngati mbale yodyera, ndipo tinsomba tiwiri ta olenji ta mizere yoyera tinkagona m'timanja take. Achemwali anamutcha mkazi mnzawo. Alamu ananenepa, anayambanso kuimba m'bafa.

Kalata inafika Lachinayi lina mu Januwale 1987, sabata imene chipale chofewa chinagwa mpaka mabasi ena kuleka kuyenda. Anailemba msuweni wawo wa ku Lusaka, poti a kumudzi sakanalembera munthu wothawa osadziputira mavuto. Mayi awo a alamu anali atamwalira kumayambiriro kwa Disembala, ndipo anaikidwa kalekale. Alamu anali asanawaone zaka zoposa makumi awiri. Anawerenga kalatayo ataimirira, anaipinda bwinobwino, n'kuiika m'thumba la malaya. Msozi sunatuluke.

Maliro n'kulirana, ndipo a Malawi a mu London masiku amenewo tinali ochepa, kotero uthenga ukamveka aliyense ankabwera. Pofika Lachisanu masana fulati inali itadzaza. Tinachita monga timachitira kwathu, mmene nyumba ya m'mwamba ingalolere. Mipando yonse ya pabalaza tinaitulutsa, tinayala mabulangete pansi, amayi n'kukhala pamenepo ndi achemwali. Abambo akanayenera kukhala panja pamoto, koma panja panali chipale, choncho anapanikizana m'chipinda chogona ndi m'kanjira ka m'nyumba. Alamu tinawakhazika m'chipinda chogonacho pa matiresi pakona, a Paterson ali pambali pawo, chifukwa namfedwa sagwira ntchito, sayendayenda, amangokhala anthu n'kumamusamala.

Thanki yokha ndiyo sitikanatha kuitulutsa. Inali pakati pa amayi olira, ikuwala ngati sitolo, tinsomba tikusewera. Mayi Marjorie, amene ankatsogolera amayi a Mvano, anaiyang'ana kawiri katatu n'kundiitana.

"Etta, TV tazimitsa, wailesi tazimitsa. Nanga ichi chikuwaliranji pa maliro? Tachifunditsa chitenje. Ndiponso urn, chiketulo cha tiyi tabwereka ku tchalitchichi, ikufuna socket."

Ndinkadziwa. Musaganize kuti sindinkadziwa. Zaka zinayi ndinali ndikumva alamu akunena kuti pulagi ya thankiyo sakhudza munthu. Koma ndinali wamng'ono pamaso pa amayi akuluakulu, anthu makumi atatu akufuna tiyi, ndipo mumtima ndinati ndi ola limodzi lokha, madzi akawira ndibwezera. Ndinazula pulagi, ndinafunditsa chitenje. Kenako kunabwera anthu a ku Edmonton, kenako mpunga unayamba kupserera, kenako nyimbo zinayamba, ndipo ine ndinaiwaliratu.

Nyimbo zinapitirira mpaka kucha, wina akatopa wina n'kuyambitsa. M'khitchini amayi ankanong'onezana za alamu. Wina anati munthu mayi ake amwalira koma maso ali gwa. Wina anati akhalitsa kuno, asanduka mzungu. Ine zinkandiwawa kumva, koma nanenso ndinkadabwa.

Loweruka cha m'ma leveni m'mawa nyimbo zinaima kuti anthu amwe tiyi, ndipo m'nyumba munati zii kwa nthawi yoyamba. Alamu anadzutsa mutu. Khutu lawo linazolowera kumva kapampu kakulira kuseri kwa khoma, ndipo tsopano sikankamveka. Ananyamuka. A Paterson anawagwira mkono.

"Achimwene, khalani pansi. Chimene mukufuna titumeni ife."

"Ndisiyeni kaye, a Paterson."

"Uko n'kwa amayi. Anthu aona bwanji?"

Alamu anachotsa dzanjalo mwaulemu n'kulowa pabalaza, akulambalala miyendo ya amayi, akupepesa aliyense. Anavundukula chitenje. Madzi anali atachita mbuu, ozizira ngati a pampopi. Kansomba kamodzi kanali katagona cham'mbali pamchenga, kena kakupuma movutika pamwamba. Makorali anali atalefuka ngati nkhwani wothira madzi otentha. Anemoni anali atasiya mwala wake, atafota, kukamwa kuli yasa. Ine amene ndinaona awiri oyamba aja ndinadziwa kuti imfa yawo imayamba chonchi.

"Ndine, alamu," ndinatero. "Ndinazula ndine dzulo."

Sanandiyang'ane. Anawerama, anazula waya wa tiyi, anabwezera pulagi yawo, kapampu n'kuyamba kulira. Kenako anapinda manja a malaya.

"Mlamu, tenga ndowa ziwiri. Madzi ofunda, osati otentha."

Kunena zoona, akanandimenya mbama bwenzi zitandipepukira.

Mayi Marjorie anaimirira. "A Makwinja, pepani, koma izi si zoona. Anthu tasiya ma shift athu, tabwera mu snow kudzalira mayi anu, inu mukusamala nsomba?"

Alamu anatembenuka, manja akudontha madzi. Analankhula motsitsa, moti a kumbuyo anachita kutchera khutu.

"Amayi, mayi anga adwala miyezi ingati sindikudziwa. Sindinawamwetse phala, sindinawatembenuze pamphasa, sindinaponye dothi m'manda mwawo. Ndamva mwezi utatha. Kumeneko ndalephera, ndipo palibe chimene ndingachite. Koma ichi chili m'manja mwangamu. Sichifa ine nditakhala pa matiresi."

Mayi Marjorie anawayang'ana nthawi yaitali. Iwonso bambo awo anaikidwa ku Ntcheu iwo ali ku Woolwich. Anamanga chitenje m'chiuno n'kufunsa kuti, "Tsono tichite chiyani?"

Zimene zinatsatira sindinazionepo pa maliro ena alionse. Alamu anati madzi asatenthe mwadzidzidzi, afunde pang'onopang'ono. Choncho amayi a Mvano anatsuka mabotolo a sikwashi, kuthiramo madzi ofunda, kutseka, n'kumayandamitsa m'thankimo, lina likazizira kubweretsa lina. Panafunikanso kuchotsa madzi oipa n'kuthira atsopano, koma mchere unali utatsala pang'ono m'paketi. A Paterson omwe aja anavala chipewa, anatsika, n'kuyendetsa vani yawo m'chipale mpaka ku Romford. Anabwera patatha maola atatu, thumba la mchere lili paphewa. Achemwali anagwada pambali pa amuna awo atagwira paipi yokokera madzi, ndipo za kutulutsa thanki sanatchule. Koma ine ndinkadziwa kuti anemoni akafa alamu aitulutsa okha, wina awakumbutse kapena ayi, n'kubwerera pawindo paja. Ndipo wochititsa ndikhala ine.

Kansomba kakufa kaja ndinakachotsa ndine. Makorali atatu anasungunuka, tinawataya. Anemoni alamu anamunyamula ndi manja awiri n'kumukhazika m'kabowo ka mwala wake, koma madzi akamuwomba ankagubuduka. Anamubwezera kasanu. Kenako anakoka mpando wa m'khitchini n'kukhala patsogolo pa galasi, ndipo amayi anapitiriza nyimbo kumbuyo kwawo, motsitsa.

Lamlungu masana abusa anabwera, tinapemphera, tinadya, mwambo n'kutsekedwa monga mwa dongosolo. Cha m'ma fili koloko anthu anayamba kutsanzika kuti apeze sitima kusanade. Alamu anali adakali pampando paja, maso ali psuu. Phazi la anemoni linali litagwira mwala kuyambira m'mawa, pakamwa patatsekeka, koma timanja tinali tidakali tofota, ndipo iwo anati sitingadziwe mpaka adye. Anandituma kachidutswa ka nsomba m'firiji. Anakabaya pa kamtengo, analowetsa mkono m'madzi, n'kukakhudzitsa pa timanja tija.

Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako kadzanja kamodzi kanamata nsombayo, kena kanabwera, ndipo pang'onopang'ono thupi lonse linapindikira m'kati n'kuitengera kukamwa.

"Wadya," anatero alamu.

Anatulutsa mkono m'madzi n'kuuyang'ana. Anakhala pansi pa bulangete pakati pa amayi, munthu wa zaka zoposa makumi asanu, n'kuyamba kuitana mayi awo ngati mwana wosochera pamsika. Ine ndinali ndisanamvepo mwamuna akulira choncho, ndipo sindifuna kudzamvanso. A Paterson anali kale pakhomo, makiyi a vani ali m'manja. Anawabwezera m'thumba. Anthu amene anali atavala makhoti anavula, n'kubwerera kudzakhala pansi.